Mlendo Amene Ndinamuika ndi Amayi Amene Sindinawaike

Anabwera m'mawa dzuwa litakwera kale, Lachiwiri lina kumapeto kwa Okutobala. Chitseko chinali chotsegula, choncho sanagogode. Mmodzi anangomenya mzati wa khonde ndi chikhatho n'kufunsa kuti, "Amai amene anaika malilo a mlendo ni ati?"

Amayi anga anali pamphasa pakhonde pomwepo, akuswa nshawa, ndiye kuti mtedza. Maso awo anali atafa kalekale koma makutu anali akuthwa. Anasiya kuswa. Ine ndinatulukira kuseri kwa nyumba manja ali chonyowa, chifukwa ndinali kutsuka mbale.

"Ndine," ndinatero.

Anali amuna awiri ndi mkazi mmodzi. Mkaziyo yekha ndiye anavala yunifolomu ya apolisi. Galimoto anaisiya kutsidya kwa khwawa.

"Tiyeni mukakambe na akulu-akulu," anatero wamtaliyo. "Muzabwela lelo lomwe."

"Tenga chitenje china," anatero amayi.

"Akuti nibwela lelo, amama."

"Nati tenga."

Iwo anathawapo nkhondo, ndipo ankadziwa kuti lero la munthu wa boma limatalika. Ndinalowa n'kutenga chitenjecho. Ndinaitana mkazi wa mlamu wanga n'kumupempha kuti aziwaona amayi. Mawu aja oti "Nati tenga" ndiwo omaliza amene ndinamva pakamwa pa amayi anga.

M'zimene ndikulembazi sinditchula dzina la munthu aliyense, kapena polisi yake, kapena ndende yake. Ena anandichitira zoipa, ena zabwino, ndipo alipo amene anandichitira zonse ziwiri. Onsewo ali ndi ana amene sanalakwe kanthu.

Ndinabadwira ku Mozambiki. M'Zambia ndinalowa ndili kamwana, pena ndikuyenda ndekha, pena kumsana kwa amayi. Ndinakulira kumalo a othawa nkhondo m'boma la Petauke, ndipo anzathu atabwerera kwawo, ife tinatsala. Ndinakwatiwa m'dera la Nyalugwe, m'boma la Nyimba, kwa mwamuna wachinsenga amene anamwalira ana atakula kale. Ndimalima chimanga ndipo ndili ndi dimba. Mumpingo wathu waung'ono ndine mmodzi wa amayi amene amasambitsa mitembo ndi kuyambitsa nyimbo pamaliro. Abusa amafika kwathu mwa apo ndi apo. Masiku ena onse amatitsogolera mkulu wa mpingo, bambo wofatsa wotsimphina mwendo umodzi.

Mlendo amene apolisi ankanenayo ndinamupeza kudimba, masabata angapo iwo asanabwere. Anali atagona chafufumimba pafupi ndi chitsime chimene tinakumba mumchenga wa mtsinje wouma. Anakwawa mpaka pamenepo, koma mphamvu yotungira madzi inamuthera. Anali mwamuna wamtali, woonda, mapazi ong'ambikang'ambika. Ndinamulankhula Chinsenga, Chinyanja, ngakhale Chipwitikizi chochepa chimene ndimakumbukira, koma sanamve chilichonse. Tonse kwathu timamva za anthu ochokera kumaiko akutali a kumpoto amene amawanyamula m'malole otsekedwa popita ku Joni. Wina akadwala, kapena dalaivala akaopa apolisi a pamsewu, amawatsitsira m'tchire. Ndinaganiza kuti uyu anali mmodzi wa iwo, ndipo anasochera masiku ambiri.

Ndinamumwetsa madzi pang'onopang'ono. Mlamu wanga anabwera ndi ngolo, tinamutengera kumudzi n'kumugoneka m'nyumba ya mwana wanga imene inali yopanda munthu. Anamwa phala pang'ono. Panali mawu amodzi amene ankawabwerezabwereza. Mpaka lero sindidziwa ngati linali dzina lake, dzina la mayi wake, kapena madzi m'chilankhulo cha kwawo. M'khosi anali ndi kamtanda kamtengo pa ulusi wakuda. Tinapangana zoti kukacha timutengere kuchipatala, koma anatisiya m'mawa tisanamange ng'ombe.

Mlamu wanga anapalasa njinga kukanena kupolisi. Anamuuza kuti tisakhudze mtembo, abwera galimoto ikapezeka. Tinadikira tsiku loyamba, tinadikira lachiwiri. Amene anakhalako kuchigwa kwathu mu Okutobala akudziwa zimene kutentha kumachita ndi thupi la munthu. Tsiku lachitatu agalu anayamba kuzungulira nyumbayo.

Ndinaitana mkulu wa mpingo. Anaima pabwalo akupukusa mutu.

"Amai, uyu ni mlandu," anatero. "Tikamugwila tonse tizamangiwa. Komanso sitiziwa mpingo wake, kaya anabatizika, kaya sanabatizike."

Sanali munthu woipa. Ankalera adzukulu amasiye, ndipo mantha ake ndinawamvetsa. Koma amayi anga anamuyankha ali pakhonde.

"Bambo, atate ake a mwana uyu anafela m'njila pothawa nkhondo. Anawaika ni anthu amene sanatiziwe. Sanafunse kalata ya ubatizo. Anakumba, anaimba, anatipatsa na madzi osamba m'manja. Muikeni mwana wa eni ake."

Ndiye tinamuika. Mlamu wanga ndi amuna ena awiri anakumba m'mphepete mwa manda athu. Ine ndinamusambitsa monga ndikanathera, ndinamupinda manja pachifuwa, n'kumukulunga m'chitenje changa chatsopano ndi mphasa. Kamtanda kaja ndinamusiyira. Pamanda tinalipo anthu ochepa. Mkulu wa mpingo anaima patali pansi pa mtengo, chipewa chili m'manja. Kwathu mkazi satsogolera mwambo wa pamanda. Ndinayang'ana amuna, onse maso ali pansi. Dzuwa linali kuotcha, ndipo munthu sangakwiriridwe chete ngati mbuzi yofa yokha. Choncho ndinapemphera ndine.

Ndinati, "Mulungu, uyu sitimuziwa dzina, koma Imwe mumuziwa. Amene anamubala ali kutali, saziwa kuti lelo ali pa malilo. Ise tachita zimene manja athu angakwanitse. Manje tamubweza m'manja mwanu. Mumusunge, ndipo mukatonthoze amai ake tsiku limene azaleka kumudikila."

Tinaimba nyimbo imodzi, tinakwirira, tinabwerera. Mlandu wanga wonse unali umenewo.

Kupolisi anandilowetsa m'chipinda chokhala ndi tebulo limodzi ndi mipando iwiri. Wondifunsa anali bambo wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wovala malaya oyera bwino. Sanali wa kumeneko, anachokera kutali kudzafufuza anthu amene amazembetsa alendo aja. Kwina m'mbali mwa msewu waukulu kunali kutapezeka mitembo ina, ndipo iye anatsimikiza mumtima mwake kuti nyumba yanga ndi imodzi mwa nyumba zobisiramo anthu.

"Anakubweletsela ndani? Dalaivala ni ndani? Wasungapo angati?"

Ndinafotokoza za kudimba, za ngolo, za mlamu wanga amene anabwera kudzanena. Mlamuyo anamuitanadi n'kumufunsa, koma wapolisi amene anamulandira tsiku lija anati sakukumbukira. Mlamu anamubweza, ine anandisunga.

"Ngati siunali kubisa, n'chifukwa chani unamufocela?"

"Sininamufocele, bwana. Tinamuika."

"Kusiyana kwake n'chani?"

"Tinamusambika, tinapemphela, tinaimba."

Anatenga chitupa changa n'kuona kumene ndinabadwira. Anachiponya patebulo.

"Oho. Ndiwe wa ku Mozambiki. Imwe alendo mumasungana."

Ndinamuuza kuti ndakalambira muno, mwamuna wanga ndinamuika m'dothi la muno, ana anga anaphunzira sukulu za muno. Sanamve. Ankafuna maina a amuna awiri amene anathandiza kukumba. Ndinamuuza kuti ndikuwadziwa, koma anakumba chifukwa ndinawapempha ndine, ndipo ngati pali mlandu ukhale pa ine.

Masana a tsiku lotsatira anatseka chitseko ndi zenera. Zimene zinachitika m'menemo sindizilemba. Khutu langa lamanzere silimva bwino kuyambira tsiku limenelo, ndipo munthu akamandilankhula ndimatembenuza mutu. Maina aja sindinatchule. Sindinena kuti ndinali wolimba mtima. Ndinkangoona nkhope za akazi awo.

Atatuluka, wapolisi wamkazi uja anandibweretsera madzi m'kapu yapulasitiki.

"Imwani, amai," ananong'ona. "Musaniyang'ane."

Ulendo womaliza umene bambo uja anandifunsa anali atatopa. Anatsamira mpando n'kundiyang'ana ngati chinthu chachilendo.

"Ati unamupemphelela. Munthu alibe na dzina. Mulungu wako azamuziwa bwanji?"

"Dzina tifuna ndise, bwana, kuti tisasokoneze anthu. Mulungu sasokoneza."

Anaseka, koma tsiku limenelo sanatsekenso zenera.

Kumapeto kwa sabata imeneyo ananditengera kumudzi nditamangidwa maunyolo, kuti ndikaloze manda. Galimoto inadzera njira yakuseri, ndipo nyumba yanga ndinangoiona denga. Ndinapempha kuti ndikapereke moni kwa amayi, anakana. Anthu a m'mudzi anaima patali m'magulumagulu. Panabwera dokotala atavala chophimba pakamwa, ndipo amuna amene anabwera nawo anayamba kufukula. Ndinapempha kuti ndiimbe nyimbo imodzi pamene akufukula. Anandiuza kuti nditseke pakamwa.

Atamasula mphasa, dokotala anagwada nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira wofunsa uja n'kunena motsitsa mawu, koma ndinamva ndi khutu langa labwinolo: "Uyu anamusambika. Anamugoneka bwino."

Anamuika m'thumba lakuda n'kumukweza m'galimoto ina.

"Muzamuika kuti?" ndinafunsa.

"Si nkhani yako. Manje ni wa boma."

Pobwerera ndinalira koyamba chimangidwire. Ndinkaona ngati zonse zimene tinachita zafafanizidwa, ngati munthuyo tamutayanso m'tchire kachiwiri. Koma tikuyandikira msewu waukulu mtima unayamba kukhala pansi. Thumba lija linali ndi zimene boma lingathe kunyamula. Chimene ndinapereka kwa Mulungu pamanda paja palibe fosholo imene ikanachifukula.

Kukhoti ananena kuti mlandu wokhudza imfa ya munthu sulola kuti ndikadikirire kunyumba, ndikhale m'ndende mpaka dokotala atumize zimene wapeza. Ndinafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Anangonditulutsa n'kundikweza galimoto ya kundende.

Mbali ya akazi ya ndendeyo inali yaing'ono: chipinda chimodzi chogona, bwalo, chingwe choyanikira zovala, ndi kadimba kamasamba kumpanda. Tinkagona mothinana, wina akafuna kutembenuka onse tinkatembenuka. Masiku oyamba akazi anzanga ankandiopa. Mbiri inali itafika ine ndisanafike, yoti ndimapha alendo n'kumagulitsa ziwalo zawo. Panali mtsikana wina wa mwana wakhanda, amene anamangidwa chifukwa cha ndewu. Ndikayandikira ankabisa mwanayo m'chitenje. Kapitawo wathu, ndiye kuti mkaidi woyang'anira anzake, anali mayi wachikulire wophika kachasu, wa mawu okhakhala ngati a mwamuna. Ndi iye amene anandifunsa maso ndi maso tsiku lina tikuchapa.

"Iwe, uyo munthu unamupaya?"

Ndinamufotokozera zonse kuyambira kudimba. Anamvetsera akufinya bulangete. Nditamaliza anangoti, "Hm. Ndiye wamangiwila malilo." Kuyambira pamenepo nkhaniyo inatha, ndipo pasanapite nthawi mtsikana uja ankandipatsa mwana wake kuti ndimugwirire akamasamba.

Msilikali wa ndende amene ankatiyang'anira kawirikawiri anali mayi wonenepa wa ku Mpoto, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba. Sankamenya, koma pakamwa pake pankaluma. Atamva nkhani yanga anandipatsa dzina.

"Amai abusa! Lelo mwaika angati?"

Ena ankaseka. Ine ndinkangoti, "Palibe, amai." Dzinalo linakhazikika, ndipo Lamulungu m'mawa akazi anayamba kundipempha kuti ndiyambitse nyimbo.

Mvula inagwa ndili m'menemo. Ndinamva fungo la dothi lonyowa likulowera pamwamba pa mpanda, ndipo ndinadziwa kuti kwathu akudzala. Khirisimasi inandipeza m'menemo. Mwana wanga wamkazi, amene anakwatiwa ku Petauke, ankabwera tsiku lochezera akapeza mpata, atanyamula sopo ndi tinsomba touma ta kapenta. Ankandiuza kuti agogo ake ali bwino, akungofunsa kuti ndibwera liti. Sanandibisire kuti anthu ambiri m'mudzi anasiya kuponda pakhomo pathu, poopa kuti nawonso angatengedwe.

Mu Febuluwale, Lachinayi lina, anandiitana kuchipata tsiku losakhala lochezera. Mwana wanga anaima kuseri kwa waya, duku atamanga motsitsa, m'manja mulibe kanthu. Ndinadziwa asanatsegule pakamwa.

"Amama, ambuya atisiya mailo. Tiika mailo."

Kwathu kuno mawu amodzi omwewo, mailo, amatanthauza dzulo komanso mawa. Ndawalankhula moyo wanga wonse osawaganizira. Tsiku limenelo ndinawamva kulemera kwake. Amayi anamwalira dzulo, aikidwa mawa, ndipo ine ndinali pakati pake, zala zili pa waya.

Anadwala chifuwa masiku ochepa chabe. Mwana wanga anati sanavutike kwambiri. Sindidziwa ngati ananena zoona kapena anandimvera chisoni.

Ndinapempha kuonana ndi mkulu wa ndende. Anandilandira mwaulemu, anandipatsa mpando. Ndinagwada pansi m'malo mokhala pampandopo. Ndinapempha kuti andiperekeze, ngakhale nditamangidwa manja ndi miyendo, ndikangoponya dothi. Anandiuza kuti mphamvu imeneyo alibe, mlandu wanga ndi waukulu, komanso mitsinje ya kwathu yadzaza.

"Pepani, amai," anatero. Ndikhulupirira kuti ananena kuchokera mumtima.

Tsiku limenelo sindinadye ndipo sindinapemphere. Ngati ndinalankhula ndi Mulungu, kunali kumukalipira. Ndinasambitsa amayi a anthu ambiri. Ndinasambitsa ngakhale mwana wa eni ake amene sindinamudziwe dzina. Nanga amayi anga awasambitsa ndani? Iwo anali atandiuza kale mmene ankafunira kuti ndidzawamange duku, ndipo ndinawalonjeza. Ndinkaopanso kuti anthu sapita, kuti mayi amene anandiberekera kumsana kuoloka malire aikidwa ndi anthu owerengeka ngati mlendo uja, chifukwa cha ine.

Mawa lake anatitulutsa kukapalira kadimba kaja. Kunali mitambo koma mvula sinagwe. Ndinkapalira osaona chimene ndikupalira. Dzuwa litapendeka pang'ono ndinamva mawu a msilikali uja.

"Amai abusa, siyani kambwili."

Ndinaganiza kuti ndazula masamba m'malo mwa udzu. Ndinaika khasu pansi n'kudikira kukalipiridwa.

"Kwanu muika nthawi bwanji?"

"Nthawi ngati ino, amai."

Anatembenuka n'kuitana akazi onse kuti asiye ntchito abwere pamthunzi pafupi ndi chingwe cha zovala. Kenaka anandiyandikira n'kutsitsa mawu.

"Batata banga, atate onibala, anawaika nili pa nchito kuno. Kwathu ni kutali. N'nafika manda yauma kale. Niziwa." Anakhosomola. "Ine siniziwa vokamba. Kambani imwe."

Mtsikana wa mwana uja anamasula chitenje chake chapamwamba n'kuchiyala pansi pakati pathu. Panalibe mtembo, panalibe dzenje, chitenje chokha padothi lonyowa. Mayi wa kachasu anayambitsa nyimbo ya maliro imene aliyense kuno amaidziwa, ndi mawu ake okhakhala aja, ndipo ena anavomera. Tinali a mipingo yosiyanasiyana, ena opanda mpingo, ena Chinyanja sankachidziwa bwino, koma nyimboyo inayenda. Itatha onse anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana chitenje chija.

"Kamba, mwana," anatero mayi wa kachasu. "Kamba monga unakambila mlendo uja."

Ndinagwada m'mphepete mwa chitenjecho.

Ndinati, "Mulungu, awa muwaziwa, na ine niwaziwa. Ndiwo ananipapa kumsana pothawa nkhondo, ndiwo ananiphunzitsa dzina lanu. Sininawatseke maso. Sininawasambike. Manja anga mwaona pamene yali. N'nawalonjeza vinthu vimene nalephela. Koma manja anu yafika kumene anga safika. Nawapeleka kwa Imwe kuchokela kuno. Muwalandile, atopa. Ndipo amene aimilila pa manda awo nthawi ino m'malo mwanga, kaya ni ambili kaya ni ochepa, muwadalitse."

Zina ndinanena koma sindikuzikumbukira. Nditati ameni, mayi wa kachasu anatapa dothi pang'ono n'kuliwaza pa chitenje, monga timachitira pamanda. Ena anatsatira mmodzimmodzi. Womaliza anali msilikali uja. Anavula chipewa chake, anawerama movutikira chifukwa cha thupi lake, anatapa dothi n'kuwaza. Kenaka anavalanso chipewacho.

"Yakwana. Bwelelani ku nchito," anatero. "Imwe amai abusa nkhalani pamthunzi."

Zaka zonse zimene ndakhala ndikutumikira pamaliro, ndinkaganiza kuti wakufa timamupereka kwa Mulungu ndi manja athu, pomusambitsa, pomukulunga, pomutsitsira m'manda. Ntchito zimenezo n'zabwino ndipo sindinazisiye. Koma masana amenewo m'manja mwanga munalibe chilichonse, ndipo amayi ndinawaperekabe. Madzulo ake ndinadya.

Mwana wanga atabweranso anandifotokozera za kumudzi. Mudzi wonse unapita. Anabwera ngakhale a m'midzi yakutsidya, ataoloka madzi ofika m'chiuno. Amayi a mumpingo anawasambitsa, ndipo mkazi wa mlamu wanga anawamanga duku mmene iwo ankakondera, chifukwa ankawaona tsiku ndi tsiku. Amuna awiri aja amene sindinawatchule ndiwo anayamba kukumba. Mwambo anatsogolera mkulu wa mpingo. Asanapemphere anaima pamutu pa manda n'kuuza anthu onse kuti, "Mwana wa amai awa ali m'ndende chifukwa anagwila nchito imene ine n'naiopa. Lelo siningaope kawili."

Ndinamva zimenezi nditagwira waya, ndipo ndinalira mosiyana ndi mmene ndinalirira poyamba.

Anandimasula anthu atayamba kukolola. Ananditengera kukhoti m'mawa wa Lolemba ngati masiku ena onse, ndikuganiza kuti andiuzanso tsiku lina. Woimira boma anaimirira n'kunena kuti dokotala wapeza kuti munthuyo anafa ndi ludzu ndi matenda a m'chifuwa, panalibe bala lililonse la kumenyedwa, ndipo boma lausiya mlanduwo. Zinatenga nthawi yochepa kuposa imene munthu amatenga pomwa kapu ya tiyi. Palibe anapepesa, ndipo sindinayembekezere. Bambo wondifunsa uja ndinakumana naye pakhonde la khoti. Anayang'ana foni yake mpaka nditadutsa. Ndinafunsa kalaliki wina kumene anaika mlendo uja. Anati mwina kumanda a m'tauni, kumene amaika anthu opanda abale. Kuposa pamenepo sindidziwa.

Ndinabwerera kundende kukatenga tinthu tanga. Mayi wa kachasu anandikumbatira mpaka nthiti kuwawa. Bulangete ndi sopo ndinasiyira mtsikana wa mwana uja. Msilikali uja ndiye anatsegula chipata.

"Musabwelenso kuno, amai abusa," anatero. Nthawi imeneyi dzinalo silinalume.

Ndinakwera minibasi mpaka pa Nyimba, ndipo kuchokera pamenepo mlamu wanga ananditenga panjinga. Sindinayambe ndalowa m'nyumba. Ndinapita kumanda kaye. Udzu unali utamera kale pa mtumbira wa amayi, ndipo wina anali atadzalapo maluwa ofiira. Ndinakhala pansi. Ndinalibe zambiri zonena, chifukwa zofunika ndinali nditanena kale pa chitenje chija. Ndinangowauza kuti ndabwera.

Ndili pomwepo mkulu wa mpingo anafika akutsimphina. Anayesa kugwada, mwendo wake n'kumukanika.

"Amai, munikhululukile."

"Bambo, imwe munaika amai anga," ndinamuuza. "Ine ndiye nifunika kugwada."

Tinakhala pamenepo kanthawi, kenaka tinabwerera kumudzi pang'onopang'ono, monga mwa mwendo wake.

Anthu amandifunsa ngati ndili ndi mkwiyo. Ulipo pang'ono, makamaka khutu likamalira. Koma ndikakhala pansi n'kuganiza za miyezi imeneyo, nkhope zimene zimayamba kubwera si za amene ananditsekera zenera. Imabwera ya mtsikana amene anayala chitenje chake padothi lonyowa, ya wapolisi wa kapu yamadzi, ya mayi wa kachasu, ya dokotala amene ananena zimene anaona. Mulungu sananditsegulire chipata tsiku limene ndinamupempha. Anandipatsa anthu oti alire nane mkati momwemo, ndipo kunja anaimika mudzi wonse pamalo panga. Ndimathokoza.

Za ufulu ndinali ndisanaganizepo kale. Ndinkaona ngati ndi mawu a pa wailesi. Ndinaumva bwino patapita masabata angapo chibwerere. M'mawa wina uthenga unafika woti m'mudzi wakutsidya kwa mtsinje mwagwa maliro, a bambo wina wokalamba amene sindinkamudziwa kwenikweni. Ndinasiya zimene ndinkachita, ndinamanga duku, ndinatapa ufa m'kambale, ndinakoka chitseko n'kunyamuka. Nditafika pakati pa njira, pamene pamayambira mchenga wa mtsinje, ndinaima. Ndinazindikira kuti sindinapemphe chilolezo kwa munthu aliyense. Kunamveka kulira, ndipo ine ndinangonyamuka. Ndinaima pamenepo kambale kali pamutu, ndikuyang'ana njira kutsogolo ndi kumbuyo, yonse yotseguka.

Nditafika pamaliropo amayi anali atadzaza m'nyumba ya siwa. Anandiona pakhomo n'kusendezana kuti ndipeze pokhala. Nyimbo inali itangotha kumene, ndipo munali chete. Mayi wina amene anakhala kumanja kwanga anandigwira bondo.

"Yambitsani, amai," anatero.

Ndinayambitsa.